Mkute wa mpunga umene anzathu anaupatsa ulemu

 Mvula yagwa, ambiri tadzala, ena tayamba kupalira. Lero za feteleza ndazisiya dala, makutu atopa nazo. Poti Khirisimasi yayandikira, ndati tikambirane za mpunga, makamaka mpunga wotsala mu poto.

Kuno kwathu kumunsi kwa Dzalanyama mpunga si mbewu yathu. Ife ndife a chimanga, fodya, mtedza, soya, mbatata, ndi zamasamba za kudimba. Mpunga umene timagula pa msika wa Mitundu umakhala utayenda ulendo. Kilombero wonunkhira uja amachokera ku Karonga. Faya ndi wa kunyanja, ku Nkhotakota ndi ku Salima. Wina amalima ku Bwanje, kumunsi kwa mapiri a Dedza. Ukafika kuno wakwera galimoto, wadutsa m'manja mwa mavenda angapo, ndiye mtengo wake simungaufanizire ndi ufa. N'chifukwa chake kwa ife mpunga ndi chakudya cha tsiku lalikulu. Ife tikukula tinkauona pa Khirisimasi, pa Nyuwere, paukwati, ndiponso kukabwera mlendo wolemekezeka. Mwana akadwala n'kukana nsima ndi pamene ankamuphikira kaphala ka mpunga, abale ake n'kumalakalaka akanadwala ndi iwo.

Mpaka lero sizinasinthe kwenikweni. Mayi amayamba kuganiza za mpunga wa Khirisimasi mwezi wa Novembala. Wina agulitsa nkhuku, wina ndowa ya mtedza, wina akudikira kuti a banki m'khonde agawane. Makilo awiri kapena atatu amene amalowa m'nyumbamo ndi thukuta lenileni.

Tsono taonani zimene zimachitika tsikulo. Poto amaphika wodzadza, poopa manyazi kuti mwina kubwera alendo. Ana akhala akudya mabisiketi ndi kumwa zotsekemera kuyambira m'mawa, afika pa mpunga mimba zili kale ndii. Abambo adya pang'ono, kenako n'kufunsa kuti kodi nsima ilipo. Msuzi wa nkhuku ndiwo umatha msanga. Chotsala ndi mpunga woyera, wozizira, wogwirana ngati chigumu, wopanda chodyera. M'mawa mwake mumaupeza m'mbale ya galu, kapena nkhuku zikuutola pabwalo, kapena wapita ku khola la nkhumba. Paukwati ndi pa sadaka ndiye zimaposa, mapoto akuluakulu aja amatsala theka. Ndiye werengani masabata asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pamenepo. Febuluwale wafika, banja lomwe lija likubwereka ufa, likugonera maungu, mayi ali pa ganyu m'munda mwa eni ake pamene mwawo muli thengo. Zimenezi zimandiwawa chaka ndi chaka.

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito yophika pa malo ena odyera mu mzinda wa Lilongwe. Iyeyu ndi amene anandidziwitsa kuti kuli dziko lina kumene mpunga wotsalawu anaupanga kukhala chakudya chonyadira dziko lonse. Anabwera kudzaona mayi ake, masana tinadya mpunga, madzulo anaona mayi a kunyumba akufuna kukhuthulira wotsala m'mbale ya galu. Anati, “Atsibweni, auzeni adikire kaye. Chimenechi kuntchito kwathu anthu amalipira ndalama zambiri kuti adye.” Anapempha anyezi, adyo, kambuzi, usipa wodzadza dzanja, mazira awiri ndi timafuta. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kufika kuchitsime ndi kubwerako, fungo linali litafika kwa aneba. Anati dzina lake ndi nasi goreng, ndipo eni ake ndi anthu a ku Indonesia.

Mukundidziwa ine, sukulu ndinalekezera ku pulayimale koma chinthu chikandigwira mtima ndimachifunsitsa. Masiku otsatira ndinawavutitsa anawa kuti azindiwerengera pa foni, ndipo zimene ndinamvazo ndi izi.

Indonesia ndi dziko la zilumba zoposa 17,000, kutali kum'mawa, kuwoloka nyanja yamchere ya Indian Ocean. Kuli anthu oposa 270 miliyoni, ndipo likulu lake lodziwika ndi Jakarta, pa chilumba cha Java. Kumeneko mpunga ndiye nsima yawo, m'mawa, masana ndi madzulo. Mawu akuti nasi goreng alibe chinsinsi chilichonse: nasi ndi mpunga wophika, goreng ndi kukazinga. Chimene chinandiseketsa n'choti iwo mpunga ali nawo ndi mayina ambiri. Ukakhala m'munda amati padi, ukapunthidwa n'kuyera amati beras, ukaphikidwa ndiye nasi. Chimodzimodzi ife ndi chimanga: mondokwa, mphale, gaga, mgaiwa, ufa woyera, nsima, nkhoko, mkute. Ife mpunga timangoti mpunga basi, kuyambira m'dambo mpaka m'mbale, chifukwa si umene unatilera.

Chiyambi cha nasi goreng ndi umphawi ndi kusamala, osati hotela ayi. Kwawoko kumatentha, kale kunalibe mafiriji, ndipo kutaya mpunga amakuona ngati chinthu choipa. Mayi akadzuka m'mawa ankatenga mpunga wa dzulo, n'kuukazinga pa moto waukali pamodzi ndi chilichonse chimene chatsala, ana n'kudya asanapite kusukulu, bambo asanapite kumunda. Kunena mwachichewa, ndi mkute. Zokometsera zake amasinja pa kamwala: timaanyezi tofiira, adyo, tsabola, ndi chinthu china chonunkha kwambiri chotchedwa terasi, chimene amapanga ndi tizilombo ta m'nyanja yamchere tokhala ngati tinkhanu ting'onoting'ono, atatisinja, kutithira mchere ndi kutisunga mpaka titasasa. Kenako amathira msuzi wakuda wotsekemera wotchedwa kecap manis, wopangidwa ndi soya ndi shuga wa kanjedza. Ndi umene umaupatsa mpungawo mtundu woderapo. Pamwamba dzira lokazinga, pambali nkhaka ndi tomato. Soya yemweyu, abale, amene ife timangokweza pa njinga kukagulitsa kwa mavenda.

Mitundu yake ndi yambiri. Ulipo wa nyama ya mbuzi, amati nasi goreng kambing, ndipo ine nditamva kambing ndinaganiza za kambuzi wathu. Ulipo wina amati nasi goreng kampung. Kampung ndiye kuti mudzi. Umenewu kawirikawiri amathiramo tinsomba touma tofanana ndi usipa kapena bonya, ndi masamba. Ndiye kuti munthu wovala tayi amakhala pansi mu lesitilanti, n'kutsegula pepala la zakudya, n'kuitanitsa mkute wa kumudzi, mosabisa mawu, n'kulipira.

Mu 2018 unduna woona zokopa alendo wa dzikolo unatchula zakudya 5 zoti ndizo nkhope ya Indonesia: soto, rendang, sate, gado-gado ndi nasi goreng. Nditafunsa kuti zinazo n'zotani, ndinangogwira pakamwa. Sate ndi kanyenya wobaya pa kamtengo, wodyera msuzi wa mtedza. Gado-gado ndi masamba owiritsa othira msuzi wa mtedza wosinja. Si ndiwo zotendera zimenezo? Zomwe zija mlendo akatipeza tikudya timayamba ndi kupepesa kuti pepani mwatipeza tilibe ndiwo? Barack Obama, amene anali mtsogoleri wa America, anakhalako ku Jakarta ali mwana kuyambira 1967 mpaka 1971. Atabwererako mu Novembala 2010 ali pulezidenti, pa phwando la boma anamuikira nasi goreng patebulo. Taganizani mlendo wotero atafika kuno, ndani angalimbe mtima kumuikira mkute ndi chisoso chotendera?

Tsono pali mfundo imene ndikufuna tiimvetsane, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti mkuluyu wayamba zachilendo. Chakudya chimene anthu a ku Indonesia amati n'cha makolo awochi, mbali zake zambiri zinachita kubwera. Luso lokazinga mpunga pa chiwaya, ndiponso msuzi wa soya, zinabwera ndi amalonda ndi anthu osamuka ochokera ku China. Tsabola kwawo ndi ku America, anachita kubwera pa zombo za Apwitikizi ndi anzawo. Eni dziko anatenga zonsezi, n'kuthiramo shuga wawo ndi terasi wawo, n'kukhala chawochawo. Kenako Adatchi, amene anawalamulira zaka zambiri Indonesia isanalengeze ufulu wake mu 1945, anachitengera kwawo ku Netherlands, ndipo kumenekonso lero chakhala chakudya cha masiku onse.

Nanga ife? Chimanga chimene timalumbirira kuti ndi moyochi, kwawo ndi ku Mexico. Makolo athu akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Mtedza wa nsinjiro, chinangwa, mbatata, tomato, maungu, fodya amene watiphunzitsira ana, zonsezi zinawoloka nyanja kuchokera ku America. Mpunga wa ku Nkhotakota unakula m'zaka za m'ma 1800 nthawi ya a Jumbe, Aswahili aja amene ankachitanso malonda oipa a akapolo. Ngakhale dzina loti Kilombero ndi la chigwa china ku Tanzania. Kudimba timalima tchainizi, dzina likuchita kunena lokha kumene anachokera, koma palibe amene amati ndi ndiwo zachilendo. Ndipo inu amayi, chitenje cha Java chimene mumavala popita ku chinkhoswe chija, Java wake ndi yemweyu wa ku Indonesia. Anthu a kumeneko ali ndi luso lakale lojambula nsalu ndi phula, amati batik. Azungu a ku Netherlands anatengera lusolo n'kuyamba kupanga nsalu zotero pa makina, n'kumadzagulitsa ku Africa. Lero mayi wachichewa wopanda chitenje timati sanavale. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kwa ine chakudya cha makolo ndi chimene anthu achilandira, achiphika ndi zinthu za m'dera lawo, ana akula nacho, mpaka aiwala tsiku limene chinafika.

Chimene anzathuwa anatiposa si mpunga ayi. Ndi kusachita manyazi ndi chotsala. Ife mkute unatilera. Amene tinaweta ng'ombe ndi mbuzi m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama tikudziwa: m'mawa unkatenga chigamphu cha nsima ya dzulo, kuchiotcha pa makala mpaka kunja kuchite khirikhiri, kuwaza kamchere, ndiye wapita mpaka dzuwa kupendeka. Ana a sukulu ambiri anafika Sitandade 8 ndi mphamvu ya mkute. Amayi athu ankadziwa kufutsa: mfutso wa nkhwani, wa chitambe, bowa wouma, mbatata yopala n'kuyanika, zonse kuti mwezi wovuta usatipeze manja ali m'khosi. Koma lero mawu oti mkute asanduka chipongwe. Mwana wobwera kutchuthi kuchokera m'tauni akaona anzake akudya mkute amaseka, anzakewo mawa lake amakadyera kuseri kwa nkhokwe. Inu abale a m'tauni ndikunena nanu mwaulemu: ana amenewa kuseka kumeneku amakuphunzira kunyumba. Pamene inu nomwe Loweruka mumawatengera ku malo odyera, n'kuwagulira mpunga wokazinga wa mtengo wa nkhuku yamoyo, umene kukhitchini kwake anauphika kale n'kuusiya kuti uzizire. Mwana wa mlongo wanga uja ndiye mboni. Akuti mpunga wongophulidwa kumene sukazingika, umakhala ndi madzi ambiri, umangophwanyika n'kusanduka phala. Wozizira ndi umene umayoyoka bwino, njere iliyonse payokha.

Pano ndiime kaye ndinene za umoyo, chifukwa sindikufuna wina akatsegule m'mimba n'kumati anamva kwa ine. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Alangizi a zaumoyo ankayenda m'midzi kutiuza kuti tizidya chakudya chotentha, ndipo ankanena zoona. Komanso mpunga uli ndi vuto lakelake loposa nsima. Mumakhala tizilombo tina timene sitifa ngakhale mpunga uwire. Mukausiya mu poto pafupi ndi mafuwa, uli wofunda maola ambiri, timaswana n'kusiya poizoni amene moto wachiwiri sumuchotsa. Ndiye lamulo lake ndi ili. Wotsala muupatule ndi chipande choyera anthu asanaugwiregwire ndi manja. Muuyale m'mbale yotakata kuti uzizire msanga, muvundikire kuopa ntchentche. Amene muli ndi firiji ikani m'firiji. Ife opanda firiji, mpunga wa masana tiukazinge madzulo a tsiku lomwelo, tisadikire mawa, makamaka nyengo yotentha. Ukayamba kununkha kapena kutanuka ngati therere, musaumvere chisoni, tayani. Ndipo ukakazingidwa kamodzi udyedwe wonse, wosabwerezanso.

Kaphikidwe kake kunyumba kwathu tsopano kali motere, ndi zinthu za pa Mitundu pompa. Mayi a kunyumba amayamba ndi usipa kapena bonya, kuchotsa mitu, kukazinga mpaka aume bwino. Theka amasinja mu kamtondo pamodzi ndi adyo, anyezi ndi kambuzi mmodzi kapena awiri. Ameneyu ndiye terasi wathu. Theka linalo amasunga lothira pamwamba. Mpunga amayamba aumwaza ndi supuni kuti zibuma zonse ziphwanyike. Pa chiwaya kapena poto wotakata amathira mafuta masupuni awiri kapena atatu, moto ukhale waukali ndithu, osati wa nyemba. Zosinja zija zikayamba kununkhira, amathira masamba odula bwino, kaya mpiru, kaya tchainizi, kaya kabichi, kenako mpunga, n'kumatembenuza osalekeza kuti usapserere. Mchere pang'ono, poti usipa uli kale ndi wake. Msuzi wakuda wa soya uja amagulitsa m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Ukakhalapo amathira supuni imodzi ndi kashuga kunsonga ya supuni. Ukapanda kukhalapo, tomato mmodzi ndi kashuga komweko zimakwanira, kungoti mtundu umakhala wofiirira. Dzira likakhala limodzi amaliswera momwemo kuti aliyense limufike. Nthawi ya zipwete timadula zipwete pambali m'malo mwa nkhaka. Soya pisi wonyika kale m'madzi amalowanso bwino, chimodzimodzi nyama ya nkhuku yotsalira m'mafupa. Mdzukulu wanga wina anathiramo ngumbi zokazinga, ndipo ine ndinapempha kuwonjezera.

Ena mudzati nanga mafuta, poti akwera chonchi? Zoona. Ndipo apa Indonesia yemweyu akutikhudzanso, chifukwa ndi dziko limene limapanga mafuta a kanjedza ambiri kuposa lina lililonse. Mu Epulo 2022 boma lawo linaletsa kwa masabata angapo kutumiza mafutawo kunja, nthawi yomwe nkhondo ya ku Ukraine inali itasokoneza kale mafuta a mpendadzuwa, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mukukumbukira mmene botolo la mafuta linasandukira chinthu chongoyang'ana pa shelefu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti. Ndiye sindikunama kuti mafuta ndi otchipa. Koma yerekezani masupuni atatu a mafuta ndi theka la kilo ya Kilombero imene ikanapita kwa galu, muone kumene kuli kuluza. Komanso nkhuni sizilowa zambiri. Zitsononkho zodzadza manja awiri zimakwana, chifukwa ndi moto wa mphindi zochepa. Kwa ife amene tikuona mmene Dzalanyama wapitira ndi makala, mpaka boma kufika potumiza asilikali kudzalondera nkhalango imene imamwetsa mzinda wa Lilongwe, chakudya chopsa msanga si chinthu chochipeputsa.

Akulu anga ena, nditawapatsa kuti alawe, anadya mbale yonse, n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti, “Chakoma, koma nsima ibwera nthawi yanji?” Sindinawatsutse. Inenso tsiku lopalira kapena lopinda mizere simungandipatse mpunga n'kuyembekeza kuti ndifika masana. Mchewa akagona osadya nsima amati wagona ndi njala, ndipo akuti anzathu a ku Indonesia nawo akadya zina zonse popanda mpunga amati sanadye. Aliyense ndi chake. Ine sindikuti tisiye nsima, ndiponso sindikuti tiyambe kugula mpunga sabata iliyonse ngati a kunyanja. Ndikunena za masiku ochepa aja pa chaka pamene mpunga walowa kale m'nyumba, ndalama yapita kale.

Ndiye pempho langa lili pawiri. Kwa amayi a m'makomiti ophika pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa sadaka: mpunga wotsala m'mapoto, umene sunafike m'mbale za anthu, muziupatula msanga, madzulo muukazinge ndi anyezi ndi usipa, adye anthu amene atsala kutsuka mapoto ndi kubweza mabenchi kutchalitchi. Amenewa ndi amene nthawi zambiri amapita kwawo ndi njala chikhalirecho agwira ntchito tsiku lonse. Kwa inu a m'tauni amene mukubwera pa Khirisimasi: m'jumbo mwanumo, pambali pa buledi ndi shuga, muikemo kabotolo kamodzi ka msuzi wa soya. Kamodzi kamakwana mabanja atatu mpaka Isitala. Dzina loti nasi goreng likakuvutani lilime musavutike nalo, kuno ana analitcha kale mkute wa Java.

Kwathu pa 25 Disembala mpunga tiphika masana tikabwera ku mapemphero, chiwaya tiika pamoto dzuwa likamalowa. Usipa ndagula kale, kambuzi ali kuseri kwa bafa. Amene mudzadutse njira ya kwathu mudzapatuke, koma aliyense abwere ndi dzira lake, nkhuku zanga zinatha ndi chitopa mwezi wa Seputembala.